Mutu 7: Vani ya Buledi Yabweranso

1. Kachitatu

Vani ya buledi inalowa pageti Lolemba m'mawa ikukokedwa ndi chingwe. Aka kanali kachitatu.

Kabawuti, mwana wamkazi wa eni galaja, anali akusesa pakhomo pa galajayo. Dzinali anamupatsa ali wamng'ono chifukwa ankatola timabawuti totayidwa n'kumasunga m'chitini. Tsopano anali atamaliza mayeso a sekondale, koma dzinalo linali litamukanirira. Anaika tsache pansi n'kupita kukathandiza kukankha.

Dalaivala wa vaniyo, amene aliyense ankamutchula kuti Hutala chifukwa chokonda kuimba hutala ya galimoto, anatsika akupukuta thukuta.

"Yawiranso pachitunda chomwe chija," anatero. "Madzi onse pansi. Buledi ndachita kugawa pa njinga."

Pambuyo pake panafika mwini vani, mayi wa bekale. Moni sanapereke. Analunjika kwa bambo ake a Kabawuti, amene anali eni galaja.

"Bambo, ndili ndi mavani asanu ndipo onse amabwera kuno. Iyi mwaikonza kawiri. Ikafanso pamsewu, onse asanu ndikawapezera kwina. Ndikuifuna Loweruka."

Bambo anangogwedeza mutu. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo chimwalirireni akazi awo mawu awo anali atacheperachepera.

Wolankhula pagalajapo anali amalume, mlongo wa malemu mayi ake a Kabawuti. Iwo ndiwo anali makaniko wamkulu. Pofika masana anali atachotsa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, n'kutulutsa gasiketi, kachitsulo kopyapyala kamene kamakhala pakati pa hedi ndi thunthu la injini kuti madzi, oyilo ndi moto zisakumane. Inali itapsa kumapeto.

"Hutala, phazi lako ndi lolemera," anatero amalume. "Umaponda ngati ukupha njoka."

"Mavani enawo ndimaponda ndi phazi la agogo anga?" anayankha Hutala. "Bwanji iwo sawira?"

Amalume anaponya gasiketi yopsayo pamulu wa zitsulo zotha, pamene panali inzake.

Kabawuti ankapatsidwa tintchito ting'onoting'ono. Tsikulo anamuuza kuti asinthe fyuluta yosefa oyilo ndi kuyeretsa mokhala dalaivala. Fyulutayo inali pothina, kudzanja lamanja kwa injini, ndipo poimasula anadzisupula chala. Anamangapo kansalu n'kupitiriza.

M'kabokosi ka kutsogolo, pansi pa malisiti akale ndi zipepala za maswiti, anapeza envelopu yosatsegula. Mkati munali chimbale cha kompyuta. Pamwamba pake panalembedwa kuti ndi buku lokonzera mavani a mtundu umenewo.

2. Chenjezo la amalume

Anapita nacho kwa bambo ake.

"Ababa, ili ndi buku la vani iyi. Lonse lili muno, zithunzi ndi manambala. Ndikhoza kuliika mu kompyuta ya mu ofesi."

Bambo anachitembenuza uku ndi uku. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakhala pa tayala n'kumuitana ndi dzanja.

"Mwana wa mlongo wanga, khala apa ndikuuze. Ine ndinagwira sipanala mayi ako asanadziwe kuluka tsitsi. Injini ndimaimva ndi khutu, bawuti ndimaimva ndi dzanja. Kompyuta ilibe khutu, ilibe dzanja, ndipo sinapsepo ndi madzi a mu ladiyeta. Imangonena zimene inauzidwa ndi munthu wina kutali, munthu woti vani iyi sanaionepo. Ikakunamiza sichita manyazi. Manyazi uchita ndiwe ndi bambo akowa. Ndinawaona ine anyamata a masatifiketi akubwera ndi mabuku m'khwapa. Injini inawafera m'manja buku lili chotsegula. Sindikuti buku ndi loipa ayi. Ndikuti buku limafuna maso awiri, limodzi papepala, lina pachitsulo. Koma ana a masiku ano onse awiri mumaika pagalasi. Ntchito iyi ndi ya mafuta m'zikhadabo. Azakhali ako akukufuna kusitolo kwawo, malo oyera, ukagulitse nsalu. Ukukaniranji zabwino?"

Nkhani ya azakhali inali itatha mwezi ikukambidwa. Iwo anali ndi sitolo ya nsalu m'tawuni ina, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Kabawuti sankafuna kupitako. Ankafuna galaja.

"Amalume, ndamva," anatero. "Koma bwanji tingoona chimene bukulo likunena?"

Bambo anamubwezera chimbale chija.

"Alamu, ndi dzanja takonza kawiri," anatero. Kenako anayang'ana mwana wawo. "Mawa ndi lako. Tiyenda njira ya buku lako. Vani ikabweranso, ukwera basi ya kwa azakhali ako. Sitidzakambirananso."

"Ndavomera, ababa."

3. Buku lilowa mu kompyuta

Ofesi ya galajayo inali kachipinda ka zenera limodzi. Munali tebulo, mipando iwiri yosiyana, ndi kalendala ya chaka chatha imene palibe anakumbuka kuichotsa. Kompyuta inali yakale, yachibokosi, ndipo ntchito yake inali kulembera makalata apo ndi apo.

Lachiwiri m'mawa Kabawuti anasamba m'manja kawiri, anapukuta fumbi, n'kulowetsa chimbale. Kompyuta inalira ngati ikutafuna. Pagalasi panatuluka kabokosi kofunsa chilankhulo. Anasankha Chingerezi. Panatulukanso mawu ambirimbiri, ndipo iye anawerenga onse asanadine povomereza.

Kenako kompyuta inakana. Inati malo ndi osakwana.

Atafufuza anapeza chimene chinadzaza. Anali mavidiyo a mpira, zaka zisanu za mpira, onse a amalume.

"Amalume, mpira wanu wadzaza kompyuta."

"Ukachotsa chigoli ngakhale chimodzi," anayankha amalume mutu uli mu injini ya galimoto ina, "usandiitanenso kuti malume."

Kabawuti anatulutsa fulashi yake m'thumba. Munali nyimbo zake zonse, zimene anasonkhanitsa kuyambira ali Fomu 1. Anaziyang'ana pang'ono, n'kuzifufuta. Anasamutsira mpira wa amalume mu fulashimo, chigoli chilichonse, ndipo malo anapezeka.

Pagalasi panabwera kamzere kobiriwira koonetsa mmene buku likulowera. Kanayenda ngati bilimankhwe. Katafika pa 63 kanaima.

Hutala, amene analibe choyendetsa sabata imeneyo, anasuzumira pazenera.

"Imenye kumbali," anatero. "Wailesi yanga imamva choncho."

"Isiyeni, achimwene. Ikugwira ntchito."

"Ntchito yake ndi yoima? Ndiye inenso ndikugwira ntchito."

Nthawi yomweyo Kabawuti anamva amalume akukoka makina owotcherera zitsulo. Pagalajapo zinali zodziwika kuti makinawo akayaka, magetsi a mu ofesi amazima. Ananyamuka kuti athamange, koma pazenera anaona bambo ake atafika kale. Bambowo anazula chingwe cha makinawo, n'kuchikulunga, n'kuchikoleka paphewa.

"Alamu, ndiwotcherere ndi chiyani? Ndi maso?"

"Masana," anatero bambo, n'kumapita nacho chingwe.

Kamzere kaja kananyamukanso. Katafika kumapeto, kompyuta inapempha nambala yachinsinsi imene inalembedwa kuseri kwa envelopu. Kabawuti anailemba mosamala, chala chili papepala. Kompyuta inazima yokha n'kuyakanso, ndipo pagalasi panaoneka kachithunzi katsopano ka sipanala.

Atadina, buku linatseguka n'kufunsa nambala ya chasisi, imene ili ngati dzina la galimoto lochokera kufakitale. Anapita kuvani, anaipeza pakachitsulo ka pafelemu ya chitseko, n'kuikopera padzanja. Atangoilemba, vani inaoneka pagalasi, yofanana ndendende ndi ya buledi. Anadina pa injini. Injiniyo inamasuka yokha, chitsulo chilichonse chili pachokha, bawuti iliyonse ili ndi nambala yake.

"Taonani, yasenda vani yanga ngati nthochi," anatero Hutala.

Amalume anabwera n'kuima pakhomo, osalowa.

Kabawuti anapeza tsamba la hedi. Linati mabawuti khumi omangira hedi samangidwa mwachisawawa. Umayamba wapakati n'kumatulukira kumbali, uku ndi uku, motsata manambala. Umazungulira katatu ndi sipanala yoyezera: koyamba 40, kachiwiri 80, kachitatu 120.

"Ine ndimayambira pakona," anatero amalume. "Ndimaika paipi pasipanala n'kukoka mpaka bawuti italira."

"Mwina vuto ndi limenelo, amalume."

"Mwina," anatero amalume, n'kumachoka.

Makina osindikizira analibe inki. Kabawuti anang'amba katoni ya buledi n'kujambulapo mizere iwiri ya mabawuti ndi manambala ake. Pansi analemba 40, 80, 120.

4. Kulira kwa sipanala

Lachitatu hedi inabwera kuchokera kumene anaitumiza kukaipalitsa, yosalala ngati galasi. Bambo anabweretsa gasiketi yatsopano kuchokera kusitolo ya masipeyala. Anagula monga ankachitira nthawi zonse: anatchula mtundu wa vani, wogulitsa n'kutsitsa pashelefu.

Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa bokosi lalitali lofiira. Munali sipanala yoyezera, imene umaitchera nambala ndipo imalira "kha" mphamvu ikakwana. Inali itatha zaka isanagwire ntchito.

Amalume anaika gasiketi, anatsitsa hedi mothandizana ndi bambo, n'kulowetsa mabawuti. Kabawuti anakhomera katoni yake pa boneti.

"Yoyamba ndi iyi yapakati, amalume. Mutchere pa 40."

Amalume anakoka. Sipanala inati kha.

"Yachiwiri, moyang'anana nayo."

Kha.

Pofika yachisanu ndi chimodzi, nkhope ya amalume inali itamasuka.

"Kakulira bwino kameneka," anatero. "Alamu, munkakabisiranji?"

Mayi wa bekale anafika kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Anapeza mtsikana ali ndi kamtengo m'manja akuloza manambala, madoda awiri akumvera.

"Ameneyu ndiye injiniya wathu," anatero Hutala. "Vani yonse ili m'mutu mwake. Enawa ndi aganyu."

"Zoterezi ndi zimene ndimafuna," anatero mayiyo. "Zolembedwa. Osati zongoganizira."

Chibadwire Kabawuti anali asanayamikiridwepo pagalajapo. Anamwetulira n'kuyang'ana pansi.

Kuzungulira koyamba kutatha, amalume anati apume pang'ono amwe madzi. Kabawuti anathamangira mu ofesi kuti akaone zotsatira akamaliza kumanga hedi. Anatsegula chithunzi cha injini yonse n'kuyamba kulondola ndi chala.

Chala chomangidwa kansalu chija chinaima pa fyuluta ya oyilo.

Pachithunzipo fyuluta inali kumanzere.

Anatembenuza chithunzi kuti aone ngati akuchionera kumbuyo. Ayi. Inali kumanzere, pamalo otakasuka, poti munthu sangasupuke chala. Anayang'ana paipi ya madzi. Nayonso inkatulukira kwina.

Injini ya m'bukumo sinali injini ya m'vanimo.

5. Imani

Kabawuti anaima pakhomo la ofesi. Chithunzicho anachiona yekha. Panja panali katoni chabe, ndipo katoni inalibe fyuluta. Mabawuti anali khumi kuno, khumi uko. Mwina manambalawo akanagwira ntchito. Akanapanda kugwira, zikanadziwika sabata yamawa pachitunda, ndipo anthu akanati Hutala wapondanso.

Amalume anali akutchera sipanala pa 80, akuimba kanyimbo. Mayi wa bekale anali atakhala pampando umene Hutala anamupukutira.

Amalume anaika sipanala pabawuti yapakati.

"Imani, amalume."

Onse anatembenuka.

"Ndalakwitsa. Manambala ali pakatoniwo si a injini iyi."

Kanyimbo kanatha. Amalume anachotsa sipanala pang'onopang'ono n'kuiika pansi.

"Ndinanena ine," anatero. "Ndinanena kapena sindinanene?"

Mayi wa bekale anaimirira. "Kodi mukuphunzirira pa vani yanga? Bambo, ndikhale ndikudziwa. Ndiitanitse chingwe ndiikoke lero lomwe?"

Hutala anayang'ana kumwamba ngati pali ndege.

Bambo anafunsa mwana wawo.

"Waona chiyani?"

"Fyuluta, ababa. M'buku ili kumanzere. Muno ili kumanja, ndinaimasula ndine. Paipi ya madzi nayonso ikusiyana. Nambala ya chasisi ndinalemba bwino, ndaonanso. Buku likuonetsa injini imene vani inatuluka nayo kufakitale. Koma iyi ndi ina."

Bambo anatenga tochi ndi kansanza konyowetsa ndi palafini, n'kugona chagada pansi pa vani. Kunamveka kukhula. Girisi wa zaka zambiri ankagwa m'mibulu.

"Lemba," anatero ali pansi pomwepo.

Anawerenga nambala yodindidwa pathunthu la injini, chilembo chimodzichimodzi. Kabawuti analemba kuseri kwa katoni n'kuthamangira mu ofesi. Ulendo uno onse anamutsatira, ndipo kachipindako kanadzaza.

M'bukumo munali malo ena ofufuzira ndi nambala ya injini. Atailemba, chithunzi chinasintha. Fyuluta inadumphira kumanja.

"Ndi imeneyo," anatero amalume, asanafune n'komwe kunena.

"Ndiye kuti wina anasintha injini," anatero Hutala. "Mayi, munkadziwa?"

"Ndinaigula choncho kwa munthu. Ine ndimadziwa uvuni, za ma injini ndizidziwira kuti?"

Kabawuti anatsegula tsamba la hedi. Manambala anali ena: 30, kenako 60, kenako kupotoza kota ya bwalo kawiri. Pambali panali chenjezo lakuti thunthu la injini imeneyi ndi la chitsulo chofewa, ndipo kumanga mopitirira kumatha mazinga amene bawuti imagwirapo. Amalume anayang'ana 120 wa pakatoni n'kupukusa mutu.

Pansi pa tsambalo panali zithunzi ziwiri za gasiketi, zoyandikana. Kabawuti anawerenga mokweza, akumasulira. Buku linati magasiketi a injini ziwirizi amafanana, ndipo iliyonse imalowa pa inzake, koma ya injini iyi ili ndi kabowo kena kowonjezera kumapeto, kodutsa madzi oziziritsa.

Anakulitsa chithunzi. Kabowoko kanali kochepa ngati nsonga ya pensulo.

"Chotsani hedi," anatero bambo.

Anamasula mabawuti khumi aja n'kunyamula hedi. Bambo anatukula gasiketi yatsopano ija kumapeto. Pansi pake, pathunthu la injini, panali kabowo kakang'ono kakuda. Pagasiketi panalibe. Chitsulo chinali chitatseka njira ya madzi.

Amalume anapita pamulu wa zitsulo zotha osatumidwa. Anabwera ndi magasiketi opsa aja n'kuwayala pa benchi. Onse analibe kabowoko, ndipo onse anapsa malo amodzimodzi.

"Phazi langa lapepuka," anatero Hutala chapansipansi.

Bambo anayang'ana mayi wa bekale.

"Ndinagula ndine," anatero. "Ulendo uliwonse. Ndinatchula vani, sindinaone injini. Pepani, mayi."

Mayiyo anakhalanso pampando. "Ndiye mwanayu akanakhala chete?"

"Ikanawiranso," anatero bambo.

Amalume anapukuta manja nthawi yaitali, ngakhale anali atayera kale. Kenako anayang'ana Kabawuti.

"Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Pantchito iyi aliyense amalakwitsa. Ine ndaika gasiketi yolakwika ndi manja angawa, maso ali chitsegulire, ndipo ndaikanso lero. Bambo akowa agula yolakwika. Iwenso unatipatsa manambala a injini ya eni. Kulakwitsa si nkhani. Nkhani ndi imene munthu amachita akazindikira. Ndagwirapo ntchito ndi amakaniko oti akathyola bawuti mkati amaimata ndi girisi n'kutseka boneti. Galimoto imakafera kutali, iwo ali kunyumba akudya. Anthu otero amaopa kusekedwa kwa mphindi imodzi, ndiye amagulitsa dzina la galaja yonse, nthawi zina ndi moyo wa munthu womwe. Iwe unali utayamikiridwa kumene, mwini galimoto ali pomwepo, ine ndikudikira kuti ndikuseke. Unatsegulabe pakamwa. Chimenecho sichili m'chimbale chakocho. Usadzachitaye, ngakhale utadzakula n'kumatchedwa bwana."

"Ndamva, amalume."

"Koma mpira wanga ulipo?"

"Ulipo wonse."

6. Chitunda

Lachinayi bambo anapita kusitolo ya masipeyala ndi nambala ya injini yolembedwa papepala. Wogulitsa anafufuza nthawi yaitali, n'kutulutsa gasiketi kumbuyo kwa shelefu. Bambo anaiika padzuwa asanatuluke. Kuwala kunadutsa pakabowo kaja. Anagulanso mabawuti atsopano, chifukwa buku linati a injini imeneyi samangidwa kawiri.

Asanayambe kumanga, amalume analowa mu ofesi n'kukhala pampando wa Kabawuti.

"Tandionetsa ndekha. Za pakatoni ndasiya kukhulupirira."

Anagwira mausi ngati akugwira sipanala, ndipo kamuvi kanathawira pakona.

"Mofatsa, amalume. Musaike paipi."

Hutala anaseka mpaka kugwira khoma. Amalume anamuloza ndi chala, koma nawonso ankaseka. Anawerenga tsamba lonse, milomo ikugwedera, kenako anakayang'ana injini, n'kubweranso kudzayang'ana galasi. Atakhutira anati, "Tiyeni."

Anamanga 30, anamanga 60. Pa kota ya bwalo, bambo anaika kadontho ka utoto woyera pamutu pa bawuti iliyonse kuti aone mmene yapotokera. Zimenezo sizinali m'buku. Kabawuti anazilemba m'kope lake.

Lachisanu anabwezeretsa zonse, anathira madzi ndi oyilo, ndipo injini inalira ulendo woyamba.

Loweruka m'mawa anapakira mabatire akale ndi matumba a mchenga kumbuyo kuti vani ilemere kuposa tsiku la buledi. Hutala anakhala pachiwongolero. Kabawuti anakhala pakati, amalume kukhomo. Bambo anatsala pagalaja.

Chitundacho chinali chachitali, chokhota kawiri. Maso onse anali pa kamuvi koonetsa kutentha kwa injini. Anadutsa kokhota koyamba. Kamuvi kanali pakati. Anafika pa mtengo umene vani inaferapo Lolemba, pomwe panali pakuonekabe banga la dzimbiri pamsewu.

"Moni, manda anga," anatero Hutala, n'kuponda.

Kamuvi sikanasunthe.

Pamwamba anatembenuka, anatsika, n'kukweranso. Amalume anati kawiri ndi mwayi, akwere kachitatu. Atafika pamwamba kachitatu amalume anatsika, anatsegula boneti, n'kuika khutu pafupi ndi injini. Anagwira paipi ya madzi. Anayang'ana pansi ngati pali dontho.

"Yachira," anatero.

Hutala anaimba hutala kuyambira pamwamba pa chitunda mpaka pageti la galaja. Agalu anauwa, amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu anatukwana. Bambo anali ataima pomwe anawasiya. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo pagalasi lakutsogolo, n'kubwerera kukagwira ntchito.

Za basi sananene chilichonse. Pangano linali lakuti vani isabwerenso, ndipo bambo sanali munthu wofulumira.

Inatha sabata. Inathanso ina. M'mawa uliwonse vani ya buledi inkadutsa pageti itadzaza, Hutala n'kuimba kawiri osaima.

Lolemba la sabata yachitatu, Kabawuti anapeza bambo ake akukhomera shelefu pakhoma la mkati mwa galaja, pafupi ndi benchi. Anali atakokerapo waya wamagetsi wakewake, wosakhudzana ndi makina owotcherera. Atamaliza ananyamula kompyuta mu ofesi n'kuiika pamenepo, n'kuifunditsa pulasitiki yoteteza fumbi. Kenako anatulutsa foni n'kuimba, mwana wawo ali pomwepo.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? Mwana sabwera." Kunamveka mawu ambiri kuchokera mufoni. Bambo anadikira mpaka atatha. "Ali ndi ntchito," anatero, n'kudula.

Kabawuti anagwira m'mphepete mwa shelefu. Inali yolimba.

"Zikomo, ababa."

"Tsache lili apo," anatero bambo. "Injiniya amasesanso."

7. Mapepala

Anali asanamalize kusesa pamene mayi wa bekale analowa pageti wapansi. Vani sanabwere nayo. M'manja munali chikwama cha mapepala, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wodzathokoza.

"Vani ili bwino, musadandaule," anatero. "Koma Lachinayi ikupita kokayezetsa kuti ipatsidwe chiphaso cha pamsewu. Ndimakonza mapepala ake, ndiye ndakumbukira nambala ija munawerenga pansi paja. Mwanawe, ukadali nayo?"

Kabawuti anatenga katoni ija kuseri kwa benchi. Mayiyo anayala pepala la umwini wa galimoto pambali pake. Amalume anasiya zimene ankachita n'kubwera. Kabawuti anayendetsa chala, chilembo ndi chilembo.

Panalibe chofanana ngakhale chimodzi. Koyezetsako akanaona kuti nambala ya injini ikusiyana ndi ya papepala, n'kuganiza kuti injiniyo ndi yobedwa.

"Ndamuimbira munthu anandigulitsa uja," anatero mayiyo. "Nditangotchula injini, wadula. Tsopano foni yake sikupezeka. Ndipo pa mavani anga asanu aja, atatu ndinagula kwa iyeyo."

Bambo anatenga tochi pa benchi. Anaiyang'ana, kenako anaipereka kwa Kabawuti pamodzi ndi kansanza ka palafini.

"Awiri enawo ali kuti, mayi?" anafunsa bambo.